Kuphunzitsa Chingerezi mu Fomu 1 kwa ana omwe amangochimva m'kalasi

Ku Malawi kuno Chingerezi ndicho chiyankhulo cha boma, cha makhoti, cha Nyumba ya Malamulo ndiponso cha mayeso, motero ena amadabwa akamva kuti mu Fomu 1 chiyenera kuphunzitsidwa ngati chiyankhulo chachilendo. Koma akatswiri a kaphunzitsidwe ka ziyankhulo sayang'ana zomwe boma linalemba papepala. Iwo amafunsa kuti wophunzirayo amachimva kuti chiyankhulocho akatuluka pasukulu. Mwana wokulira m'tauni, yemwe kwawo kuli wailesi yakanema ndipo makolo ake amagwira ntchito mu ofesi, amakumana ndi Chingerezi tsiku lililonse ngakhale asakufuna. Mnzake wa kumudzi ku Nsanje, ku Mchinji kapena ku Chitipa amamva Chisena, Chichewa kapena Chilambya kunyumba, pamjigo, kumsika ndi kutchalitchi, ndipo Chingerezi chimathera pomwe belu loweruka lalira. Kwa mwana wachiwiriyu, yemwe akuimira ophunzira ochuluka m'dziko muno, Chingerezi ndi chachilendo ndithu, ndipo mphunzitsi amene wavomereza zimenezi amaphunzitsa mosiyana kwambiri ndi amene akuganiza kuti ana ake anachidziwa kale.

Kuti timvetse komwe mwana wa Fomu 1 akuchokera, tiyenera kuyang'ana zaka 8 za ku pulayimale. Chiyambire 1968, pomwe Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, zomwe zakhala zikuchitika m'sukulu zaboma n'zakuti ana amaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chili phunziro limodzi chabe, kenako kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa amaphunzitsidwa m'Chingerezi. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti m'makalasi oyambirirawo ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linabwera ndi mfundo ina, yakuti chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi. Komabe zochitika m'kalasi sizisintha tsiku lomwe lamulo lasainidwa. Kuchokera mu 1994, pomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi a ana oposa 100 akhala osadabwitsa. M'kalasi yotere mphunzitsi wa Sitandade 6 amalemba manotsi a Chingerezi pabolodi, n'kufotokoza m'Chichewa, ana n'kukopera m'makope ndi kuloweza. Mwana wakhama akhoza kukhoza mayeso a PSLCE mwa njira imeneyi, n'kusankhidwira ku sekondale, koma asanayambe wapangapo yekha ziganizo zitatu zotsatizana za Chingerezi zonena maganizo ake.

Ambiri mwa ana amenewa amapita ku sukulu za CDSS, zomwe zinapangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuchokera ku malo ophunzirira a MCDE, koleji ya boma yophunzitsa anthu ali kutali, ndipo ndi m'sukulu zomwezi momwe mabuku ndi aphunzitsi odziwa bwino phunziroli amaperewera kwambiri. Tsono mwanayo akafika amapeza kuti Biology, Geography, History ndi masamu zonse zili m'Chingerezi, aphunzitsi akusinthana pakatha mphindi 40 zilizonse, aliyense ndi kalankhulidwe kake. Kumapeto kwa ulendowu kuli mayeso a MSCE a bungwe la MANEB, omwe munthu wolephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. N'chifukwa chake ndikuona kuti palibe kalasi ina ku sekondale yomwe mphunzitsi wa Chingerezi ali ndi udindo waukulu kuposa Fomu 1.

Katswiri wina wa ku Canada, Jim Cummins, anasiyanitsa mitundu iwiri ya luso la chiyankhulo. Pali chiyankhulo chochezera, chomwe munthu amapatsira moni, kugula zinthu ndi kusewera ndi anzake, ndipo pali chiyankhulo cha maphunziro, chomwe amafotokozera chifukwa chimene nthaka imakokolokera kapena kuyerekeza maulamuliro awiri. Iye anapeza kuti ana obwera kuchokera kumayiko ena amagwira chiyankhulo chochezera m'zaka pafupifupi 2, koma amafunika zaka 5 mpaka 7 kuti afanane ndi anzawo pa chiyankhulo cha maphunziro. Chofunika kuchizindikira n'chakuti anawo ankakhala pakati pa anthu olankhula Chingerezi m'mawa mpaka madzulo. Ana athu alibe mwayi umenewo, ndipo nthawi zambiri zinthu kwa iwo zimayenda chotembenuza: mtsikana wa Fomu 1 akhoza kulakatula tanthauzo lonse la "photosynthesis" osaphonya liwu limodzi, koma akafunsidwa chomwe chingachitike chimanga chikamera pamthunzi wa mtengo wa mango, amangoti zii n'kuyang'ana pansi. Yankho amalidziwa bwino, pakuti wakhala akulima chiyambire ali wamng'ono. Chomwe alibe ndi Chingerezi choti aliyankhulire.

Gwero lalikulu la vutoli ndi kuchepa kwa mawu omwe mwana amadziwa. Kafukufuku wa Paul Nation wa ku New Zealand ndi anzake anasonyeza kuti munthu amamva bwino nkhani payekha ngati akudziwa pafupifupi mawu 98 pa mawu 100 aliwonse, kutanthauza kuti liwu lachilendo likhale limodzi pa mawu 50. Akamadziwa 95 pa 100 amatha kutsatira nkhaniyo movutikira, ndipo kutsika pamenepo kuwerenga kumasanduka kulota. Chotonthoza n'chakuti mawu a Chingerezi sagwiritsidwa ntchito mofanana: mawu pafupifupi 2,000 omwe amabwera kawirikawiri, onga omwe Michael West anasonkhanitsa mu 1953, amadzaza pafupifupi magawo 80 pa 100 a nkhani zambiri zolembedwa. Mu 2000 Averil Coxhead anatulutsa mndandanda wina wa mabanja 570 a mawu omwe amapezeka m'mabuku a maphunziro osiyanasiyana, monga "factor", "process" ndi "method". Izi zikutiuza komwe mphamvu ziyenera kupita. Mphunzitsi yemwe amathera sabata yathunthu akuphunzitsa mawu osowa kuti ana azioneka ophunzira, pomwe iwo sakusiyanitsa "although" ndi "because", akuwataya anawo. Ndiponso liwu silikhazikika m'mutu poliona kamodzi. Liyenera kubwera kambirimbiri, m'nkhani zosiyana, pa masiku otalikirana, mpaka mwana ayambe kuligwiritsa ntchito yekha.

Pa chifukwa chimenechi, masabata oyambirira a teremu yoyamba sayenera kuthamangira mutu woyamba wa silabasi. Choyamba mphunzitsi adziwe ana omwe ali nawo. Lembetso lalifupi la ziganizo zisanu, ndime imodzi yoti mwana awerenge mokweza, ndi kandime koti alembe za kwawo ndi zokwanira kusonyeza amene akuwerenga bwino, amene akutchula mawu osamva tanthauzo, ndi amene sanagwire n'komwe kuwerenga. Gulu lachitatuli lilipo m'sukulu zambiri, ndipo limabisala kumbuyo kwa kalasi mpaka mayeso a JCE atafika. Ku Tanzania, komwe ana amaphunzira m'Chiswahili pulayimale yonse n'kuyamba maphunziro a m'Chingerezi mu Fomu 1, kuli ndondomeko yotchedwa Baseline, yomwe imapatula masabata oyambirira a chaka kuti ana azolowere Chingerezi cha m'kalasi asanalowe m'maphunziro enieni. Palibe choletsa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kuno kugwirizana ndi aphunzitsi ake kuchita zofanana ndi zimenezi.

Zolakwitsa zambiri za ana athu sizibwera mwangozi, ndipo mphunzitsi wodziwa bwino kapangidwe ka Chichewa amaziona zisanafike. Chichewa chili ndi malembo a liwu 5, ndipo lililonse limamveka mofanana paliponse, pomwe Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu otere pafupifupi 20. Khutu lomwe linazolowera 5 limamva "ship" ndi "sheep" ngati liwu limodzi, chimodzimodzinso "hat", "hut" ndi "heart". M'Chichewa l ndi r sizisintha tanthauzo la mawu, motero "pray" ndi "play", kapena "right" ndi "light", zimasokonekera pakamwa ngakhalenso polemba. Maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake tili ndi sukulu, buku ndi sitolo, ndipo mwana amaonjezera liwu kumapeto kwa mawu a Chingerezi kapena kumeza malembo omaliza, zomwe zimachititsa kuti "walk" ndi "walked" zisamasiyane. Nawo malembo th, omwe mu "thumba" amaimira t wa mpweya, m'Chingerezi amaimira liwu lina lomwe m'Chichewa mulibe. Cholinga pophunzitsa katchulidwe sikuti mwana azilankhula ngati wa ku London ayi, koma kuti womumvera asasokonezeke. Mphindi zisanu pa phunziro lililonse, pomwe mphunzitsi akutchula mawu awiri ofanana ana n'kukweza chala chimodzi kapena ziwiri posonyeza lomwe amva, zimathandiza kwambiri, chifukwa khutu liyenera kuyamba kusiyanitsa lilime lisanathe kutero.

Pa galamala zilinso chimodzimodzi. Mlowam'malo wathu "iye" sasankha mwamuna kapena mkazi, choncho mwana amanena "he" pokamba za amayi ake. Timawu "a" ndi "the" tilibe tofanana nato m'Chichewa, ndipo timatenga zaka kuti tikhazikike. Mwana akati "borrow me your pen" akutsatira bwinobwino "ndibwereke cholembera", ndipo akafunsidwa kuti "Didn't you come yesterday?" n'kuyankha kuti "Yes" pomwe sanabwere, akutsatira "Eya, sindinabwere". Kumukalipira mwana wotere sikuchotsa cholakwacho. Chothandiza n'kulemba ziganizo ziwirizo moyandikana pabolodi, cha Chichewa ndi cha Chingerezi, kuti aone yekha pomwe ziyankhulozi zapatukana. Ana ambiri akaonetsedwa motere amasangalala, chifukwa amazindikira kuti kulakwa kwawo kunali ndi chifukwa chomveka.

Apa tafika pa nkhani yomwe aphunzitsi amatsutsana kwambiri, ya malo a Chichewa kapena chiyankhulo china cha ana m'kalasi ya Chingerezi. Sukulu zina mpaka lero zimalanga mwana wogwidwa akulankhula chiyankhulo cha kwawo, pomupatsa chibalo chotchetcha kapena kumuveka chikwangwani m'khosi. Cholinga chake chimamveka, pakuti ana alibe kwina komwe angayeserere Chingerezi, koma zotsatira zake kawirikawiri ndi mwana wosalankhula chilichonse, m'Chingerezi ngakhale m'Chichewa. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina, Eddie Williams, anayerekeza ana a pulayimale a ku Malawi, omwe ankayamba sukulu m'Chichewa, ndi a ku Zambia, omwe panthawiyo ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira chaka choyamba. Anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwo sankasiyana kwenikweni, koma pa kuwerenga chiyankhulo cha kwawo ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Choncho Chichewa sichinawabwezere m'mbuyo ana athu. Komabe mbali inayo nayo ili ndi ngozi yake: mphunzitsi akazolowera kumasulira chiganizo chilichonse, ana amaleka kumvetsera Chingerezicho n'kumangodikira kumasulira. Njira yomwe ndikuiona yanzeru n'yakuti malangizo onse a tsiku ndi tsiku, monga kutsegula mabuku, kukhala awiriawiri ndi kupereka makope, azinenedwa m'Chingerezi nthawi zonse, Chichewa chizibwera mwadala ndiponso mwachidule: kumasulira liwu lovuta lomwe likanatha mphindi zisanu kulifotokoza, kuyerekeza galamala, kapena kulola ana kukambirana mfundo kaye m'magulu asanazinene m'Chingerezi. M'madera momwe ana amalankhula Chitumbuka, Chiyawo, Chilhomwe kapena Chisena, mwayi womwewu uyenera kuperekedwa ku ziyankhulo zimenezo.

Tiyeni tione momwe phunziro limodzi la mphindi 40 lingayendere, mutu wake uli aneni a nthawi yakale. Njira yomwe tinazolowera ndi yolemba lamulo pabolodi, kenako mndandanda wa aneni oti ana aloweze. Njira ina n'yakuti mphunzitsi ayambe ndi kankhani ka ziganizo zisanu ndi zitatu, ka mnyamata yemwe anatumidwa kuchigayo, anakwera njinga, panjira thumba linang'ambika, chimanga chinatayika, ndipo mayi wina anamuthandiza kuola. Akanene kawiri kapena katatu m'Chingerezi chosavuta, akuonetsa ndi manja ndi zojambula pabolodi, ana asanalembe kalikonse. Kenako afunse mafunso oyankha ndi liwu limodzi, n'kumakwera pang'onopang'ono kufika pa ofuna chiganizo chathunthu. Akatero alembe aneni okhaokha motsatana, "went", "rode", "tore", "fell", "helped", ndipo ana awiriawiri afotokozerane nkhaniyo akuyang'ana aneniwo, wina akatha mnzake ayambe. Panthawi imeneyi kalasi imachita phokoso, ndipo mphunzitsi amayendayenda akumvetsera osadula aliyense pakamwa. Pomaliza pake ndi pomwe amafunsa ana kuti aneniwa akusiyana bwanji ndi a nthawi ino, n'kuwapatsa ntchito yolemba ziganizo zisanu za tsiku lomwe iwo anatumidwa kwinakwake. Lamulo la galamala laphunzitsidwa ndithu, koma labwera ana atalimva kale likugwira ntchito, ndipo mwana aliyense walankhula Chingerezi kwa mphindi zingapo. M'kalasi ya ana 80 momwe mphunzitsi amaloza mmodzimmodzi, mwana akhoza kutha mwezi wathunthu osatsegula pakamwa.

Palibe mphunzitsi yemwe angaphunzitse mawu zikwi zingapo pabolodi, ndipo apa ndi pomwe kuwerenga kwa mwana payekha kumalowera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anapereka mabuku ambiri a nthano zosavuta m'sukulu za kumidzi ku Fiji, komwe ana nawonso sankamva Chingerezi kunyumba. Ana omwe ankawerenga tsiku ndi tsiku anapita patsogolo mofulumira kuposa anzawo omwe ankangophunzira mwa njira yakale, osati pa kuwerenga kokha komanso pa kumva ndi pa galamala. Chinsinsi chake n'chakuti bukulo likhale losavuta ndiponso lokoma, loti mwana alimalize osatsegulatsegula dikishonale. M'sukulu zathu zina mabuku alipo, koma anatsekeredwa m'kabati ya mu ofesi poopa kuti asowa, ndipo ena ndi mabuku akuluakulu olandira kuchokera kunja omwe ngakhale wa Fomu 4 sangawamve. Ndi bwino buku ling'ambike m'manja mwa ana kusiyana n'kuti lidyedwe ndi chiswe lili latsopano. Komwe mabuku kulibe, nyuzi zakale za The Nation kapena The Daily Times zikhoza kudulidwa n'kumatidwa pamakatoni, mphunzitsi akhoza kulemba yekha tinkhani tating'ono, ndipo ana akhoza kulimbikitsidwa kumvera nkhani za pa MBC m'Chichewa kaye, kenako m'Chingerezi, chifukwa kudziwiratu nkhani kumathandiza kumva mawu ake.

Pa kulemba, changu chimaononga. Mwana yemwe sangathe kupanga chiganizo cholondola sayenera kupatsidwa chimangirizo cha masamba awiri, chifukwa adzangodzaza pepala ndi mawu oloweza. Ayambe ndi ziganizo, kenako ndime imodzi yotsatira chitsanzo chomwe kalasi yalembera limodzi pabolodi, ndipo chimangirizo chathunthu chibwere chakumapeto kwa chaka. Nako kuchonga kumafuna nzeru. Kope lobwerera lili lofiira paliponse limamuuza mwana kuti palibe chomwe akudziwa, ndipo mphunzitsi wa makalasi anayi sangakwanitse kuchonga motero sabata iliyonse. Ndi bwino kuwauziratu ana kuti ulendo uno tiyang'ana aneni okha, n'kudula mzere pansi pa cholakwa kuti mwana akonze yekha, kenako kusonkhanitsa zolakwa zofala n'kuzikonzera limodzi pabolodi osatchula mwini wake. Polankhula, mphunzitsi akhoza kungobwereza chiganizo cha mwana m'njira yolondola n'kupitiriza. Ana a zaka 13 kapena 14 amaopa kusekedwa kuposa chilango chilichonse, ndipo mtsikana yemwe anasekedwa kamodzi mu teremu yoyamba akhoza kusadzakwezanso mkono mpaka kumaliza sukulu. Lamulo loletsa kuseka wolakwitsa liyenera kukhazikitsidwa tsiku loyamba, ndipo mphunzitsi akhale woyamba kulisunga.

Mphunzitsi wa Chingerezi sangasenze yekha katundu yenseyu, pakuti nthawi yambiri yomwe mwana amamva Chingerezi ili m'maphunziro ena. Mphunzitsi wa Agriculture akalemba mawu asanu ofunika pakona ya bolodi asanayambe phunziro, akalankhula modekha, ndiponso akafunsa mafunso ofuna kufotokoza m'malo mwa "Are we together?" yemwe ana amangoyankha "Yes" onse pamodzi, amakhala akuphunzitsanso Chingerezi. Nayenso wa Chingerezi angachite bwino kutenga ndime za m'buku la Geography kapena Biology n'kuzigwiritsa ntchito pa phunziro la kumvetsa nkhani, ndi kuphunzitsa ana tanthauzo la mawu olamula a m'mayeso, monga "describe", "explain", "state" ndi "compare", chifukwa ambiri amataya malikisi pa funso lomwe yankho lake ankalidziwa. Makoleji ophunzitsa aphunzitsi a sekondale, monga Domasi ndi Nalikule, ali ndi mpata wophunzitsa luso limeneli kwa aphunzitsi a maphunziro onse. Pasukulu pomwe, chizolowezi chopereka Fomu 1 kwa mphunzitsi wongoyamba kumene, odziwa ntchito n'kusungidwira makalasi a mayeso, chiyenera kuunikidwanso pogawa makalasi chaka chisanayambe, chifukwa mphunzitsi wa Fomu 4 ali ndi miyezi yochepa chabe yokonzekeretsa ana ku MSCE, ndipo m'miyezi imeneyo sangaphunzitse kuwerenga mwana yemwe anadutsa Fomu 1 asakumva zomwe zili m'buku.